Mphambano ya pa Nkaya

Njanji inafika pa Nkaya, m'boma la Balaka, pamene atsamunda ankaitalikitsa kuchokera ku Blantyre kupita ku Salima, ntchito yomwe inatha mu 1935. Masiku amenewo maso onse anali kudoko la Beira. Fodya, tiyi ndi thonje zinkatsetsereka kudzera ku Nsanje n'kukawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, ndipo Nkaya anali malo ongodutsapo.

Chaka chomwe chinasintha zonse ndi 1970. M'chakachi anatsegula njanji ya makilomita 101 yopatuka pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi kumalire, komwe inakakumana ndi ya Apwitikizi yopita kudoko la Nacala. Ndalama zake zinali ngongole yochokera ku boma latsankho la South Africa, ndipo amene anaipidwa nazo anali ndi chifukwa chomveka. Komabe pa mfundo yoti dziko lopanda doko lisamadalire khomo limodzi, ine ndimati Kamuzu Banda anaona patali. Nacala ndi doko lakuya mwachilengedwe, losavutitsa ndi mchenga ngati la Beira. N'zoona kuti nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980. Koma ya ku Nacala inadzukanso, pomwe ya ku Beira, mlatho wa Dona Ana utaphulitsidwa komanso madzi atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, inagona zaka zambirimbiri. Pakanapanda mphambano ya pa Nkaya, bwenzi sitima zathu zikungozungulira m'dziko momwe muno.

Njanji ina yofika pa Nkaya inabwera ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, kuchokera ku migodi ya malasha ya Moatize kudzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno. Lero mabogi a malasha amadutsa pa Nkaya usana ndi usiku, mndandanda wautali woti mwana amatopa kuwerenga.

Chimene chimandiwawa ndi sitima ya anthu, ija yochokera ku Limbe yopita ku Balaka ndi ku Nayuchi. Ikaima, amayi amathamangira kumazenera ndi malichero a nthochi, nzimbe ndi mandasi, ena akukweza matumba a chimanga, njinga ndi nkhuku. Kwa anthu a m'midzi ya kutali ndi msewu wa phula, makamaka nthawi ya dzinja, sitimayi ndiye basi yawo, ndiyenso msika wawo. Koma imabwera mwa apo ndi apo, ndipo mlimi woiphonya amadikira masiku tomato wake akuwola m'dengu.