Za Kanjedza ndi Ana Aang'ono pa Nyengo ya Pasaka

Pakati pa Blantyre ndi Limbe pali mudzi wa m'tauni wotchedwa Kanjedza, ndipo Pasaka asanafike pali tsiku lotchedwa Lamulungu la Kanjedza. Mudziwo ndi tsikulo zitchedwa ndi dzina la mtengo umodzi. Ife aphunzitsi taona kuti ana ambiri obadwira m'mudzimo atchula dzinali tsiku ndi tsiku osaudziwa mtengo wake; taonanso kuti makolo ena, pofuna kukondweretsa kamwana kawo pa Pasaka, apita kukafuna mazira a chokoleti m'masitolo, poyesa kuti kwathu kuno kulibe ntchito ya manja yoyenera nyengoyi. Chifukwa chake tifuna kulongosola mbiri ya mwambo wa kanjedza, kumene unachokera ndi umo unafikira kuno, kuti owerenga athu aone kuti malo a mwana wamng'ono pa mwambowu ndi akale ndithu.

Mawu ake

Tiyambe ndi mawu, monga mwa chizolowezi cha masamba ano. Dzina lakuti Pasaka, limene m'Buku Lopatulika la 1922 lilembedwa Paskha, lichokera ku Chihebri, ku phwando limene Ayuda akumbukira nalo kutuluka kwa makolo awo m'dziko la ukapolo. Linadzera m'Chigriki ndi m'Chilatini kufikira linatipeza ife. Dzina linalo, Isitala, ndi la Chingerezi lopindidwa ndi lilime lathu. Ponena kuti Lamulungu la Kanjedza, Lachisanu Loyera, kapena Lachitatu la Phulusa, "la" ndi "lo" uja agwirizana ndi liwu lakuti tsiku, limene tilisiya osalitchula.

Liwu lakuti kanjedza lili ndi msampha umene ukola ana a sukulu chaka ndi chaka. Pakumva "ka" woyambayo ayesa kuti ndi wochepsa, monga wa kamwana ndi kambuzi, nalemba kuti kanjedza kakatali. Sikutero ayi. Tinena kuti kanjedza wamtali, akanjedza aatali, monganso kalulu wochenjera, akalulu ochenjera.

Tisiyanitsenso mitengo itatu yofanana. Mgwalangwa uli ndi masamba otambasuka ngati chikhatho, ndipo mlaza wake ndiwo tilukira mikeka ndi zipewa. Chiwale chimera m'mbali mwa mitsinje, ndi nthambi zazitali zedi zopangira mipando ndi zitseko. Kanjedza akonda m'madambo ndi m'makhwawa, amera ambiri pa tsinde limodzi, masamba ake andandalika uku ndi uku ngati nthenga ya nkhuku, ndipo m'munsi mwa nthambi muli minga yakuthwa. Akatswiri a mitengo amutcha Phoenix reclinata, ndipo mtengo wa ku Yudeya umene Yohane autchula pa mutu 12 ndiwo Phoenix dactylifera. Awiriwa ndi a banja limodzi. Omasulira Malembo posankha dzina la kanjedza anasankha bwino koposa.

Ku Yerusalemu

Alembi onse anayi a Uthenga Wabwino asimba za kulowa kwa Ambuye mu Yerusalemu, koma Yohane yekha ndiye atchula mtundu wa mtengowo. Ndipo Mateyu pa mutu 21 aonjeza kuti ana anafuula m'Kachisi, akulu a ansembe naipidwa nazo. Kotero ana analipo kuyambira pachiyambi.

Umboni wakale wa mwambo woguba ndi nthambi tiupeza kwa mayi wina dzina lake Egeria, wa ku madzulo kwa Ulaya, amene anakhala ku Yerusalemu cha m'zaka za 381 mpaka 384, nalembera anzake zonse anaziona. Zolemba zake zinasowa zaka mazana ambiri, nizipezeka ku Arezzo m'dziko la Italy mu 1884. Iye asimba kuti pa Lamulungu lotsogolera Pasaka, dzuwa litapendeka, anthu onse ankatsika phiri la Azitona pang'onopang'ono pamodzi ndi bishopu, kulowa m'mudzi, yense ndi nthambi ya kanjedza kapena ya azitona m'dzanja. Ndipo mawu amene tifuna amayi awasunge ndi awa: ana onse analipo, ngakhale tiana tosatha kuyenda, timene makolo anatinyamula pa mapewa, natonso tili ndi nthambi m'manja. Zaka zoposa 1,600 zapitazo panalibe woyesa kamwana ka zaka ziwiri chosokoneza mapemphero.

Mwambowo utafalikira ku maiko ozizira kumene kanjedza samera, Akhristu a ku England ndi ku Russia ankanyamula nthambi za msondodzi ndi za mitengo ina ya kwawo. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe, pakuti mbale wake weniweni wa mtengo uja amera m'dambo la kuseri kwa mudzi.

Umo unafikira kuno

Ena ayesa kuti mwambowu unadza ndi amishoni oyamba a Blantyre, koma mbiri siyenda chomwecho. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, Henry Henderson ndi Tom Bokwito atasankha malowo. Eni ake anali a Mpingo wa ku Scotland, umene kuyambira 1560 unakana masiku a maphwando, nuti tsiku loyera ndi Sabata lokha. Kwawoko ngakhale Khirisimasi sinali tchuthi cha dziko lonse kufikira 1958. David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi amisiri akuda kuyambira 1888 kufikira 1891, anakonda mapemphero a dongosolo ndi ulemu, ndipo pa chifukwa chimenecho anzake ena anamuneneza kuti atsanza miyambo ya mipingo ina.

Amene anasunga sabata loyera ndi miyambo yake yonse ndiwo Aangilikani a UMCA, amene anafika ku Magomero mu 1861 nakhazikika pa Likoma mu 1885, ndi Akatolika, amene ansembe awo a Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Nguludi mu 1903. Njanji itafika mu 1908, ndi ntchito ya fodya itakula ku Limbe, anthu a mitundu yambiri ndi mipingo yambiri anadzakhala moyandikana, wina nakaona chimene mnzake achita. Lero mipingo yambiri ya CCAP nayonso iguba ndi kanjedza m'misewu, ndipo pa Lachisanu Loyera khamu la anthu likwera Njira ya Mtanda pa phiri la Michiru ku Chilomoni.

Koma tizindikire ichi: amishoni anadza ndi tsiku, sanadze ndi luso. Makolo athu ankaluka mikeka ya mlaza, mphasa za bango, malichero ndi madengu a nsungwi, Mzungu asanaponde m'dziko muno. Chinenero chathu chichitira umboni, pakuti chili ndi mneni wakewake pa ntchito iliyonse: tiluka mkeka, tiumba mbiya, tisema mpini, tisoka chovala, tiomba nsalu. Kamtanda ka kanjedza ndi pokomanira zinthu ziwiri, chikhulupiriro chochokera kutali ndi zala zophunzitsidwa ndi agogo.

Abale athu a ku Masasi, kumwera kwa Tanzania, anaonetsa kulemera kwa luso limeneli. Mu 1965 wansembe wa Angilikani, Alan Talbot, anayambitsa ntchito yotchedwa African Palms, kuti anthu a m'midzi aziluka timitanda ndi kutitumiza ku matchalitchi a ku England. Kotero Mngerezi pa Lamulungu la Kanjedza agwira m'dzanja chimene mlimi wa kuno ku Africa analuka ali pa khonde.

Chaka cha 1959

Sitingalembe za Kanjedza ndi kudumpha chaka ichi. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, niligwira anthu ambiri a Nyasaland African Congress. Ena mwa iwo anatsekeredwa mu msasa wa ku Kanjedza. Chaka chimenecho Lamulungu la Kanjedza linagwa pa 22 Malichi, ndi Pasaka pa 29 Malichi. Abambo anali m'kati mwa waya pa malo otchedwa ndi dzina la mtengo wa chikondwerero, ana awo ali kumudzi opanda wowanyamula pa phewa. Amene ayenda lero m'misewu ya Kanjedza atasenza mwana wake, popanda womuletsa, akumbukire kuti sizinali chomwecho masiku onse.

Za mazira ndi kalulu

Mazira a Pasaka sitiwanyoza, pakuti ali ndi mbiri yawo. Akhristu akale a ku Ulaya ankasala mazira masiku 40 a Lenti, ndipo nkhuku sizinaleke kuikira. Pofika Pasaka mazira anali ochuluka, anthu nawapaka utoto, nawagawira ana. Nthano ya kalulu wobisa mazira ndi ya ku Germany, ndipo inalembedwa kale mu 1682. Mazira a chokoleti anayamba kupangidwa ku England ndi kampani ya Fry mu 1873 ndi ya Cadbury mu 1875. Zonsezi zigwirizana ndi nyengo ya kwawoko, pamene chisanu chatha ndi mitengo iyamba kuphuka.

Kwathu kuno nyengo ndi ina. Pasaka agwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, mvula ili kutha, chimanga chachiwisi, maungu, mtedza ndi nzimbe zili mbwee. Ndiponso Kalulu wa m'nthano zathu ndi tambwali, wonyenga Njovu ndi Fisi. Mwana wakumva nthano zimenezo madzulo, nauzidwa m'mawa kuti Kalulu yemweyo ndiye mthenga wa Kuuka kwa Ambuye, adzasokonezeka mutu. Wokhala ndi ndalama agule dzira ngati afuna, palibe tchimo. Koma wopanda ndalama asayese kuti mwana wake wamanidwa Pasaka.

Chimene kamwana kangathe

Tsono tinene za ntchito yeniyeniyo. Wokadula kanjedza atenge nthambi za m'mbali, asadule nsonga ya pakati, pakuti pomwepo pali moyo wa mtengowo, ndipo ikadulidwa thunthulo lifa. Nthambi isanalowe m'nyumba, minga yonse ya m'munsi isadzidwe ndi mpeni ndi kutayidwa pa moto. Diso la mwana lilibe lina lolowa m'malo mwake. Masamba anthete ndiwo abwino, ndipo akagona usiku umodzi pa mthunzi afewa, osathyoka popinda.

Wamkulu ang'ambe tsamba ndi chikhadabo, kuti patuluke timizere tiwiri tofanana m'lifupi mwake ngati chala. Kamodzi akagoneke chopingasa, kena choimirira, nakulunge koimirirako pa kanzake kawiri, kuti pakati pakhale kathumba ka ngodya zinayi. M'kathumbamo apisemo nsonga za kopingasa, uku ndi uku, zikhale mikono ya mtanda, ndi nsonga ya koimirira ikhale mutu. Safuna ulusi kapena zomatira.

Mwana wa zaka ziwiri sangathe kupinda chotere, ndipo kumukakamiza ndi kumuliza chabe. Koma angathe kusankha tsamba ndi kulipereka, angathe kukoka nsonga imene mayi waipisa, angathe kunyamula timitanda totha ndi kugawira a m'nyumba, kuyambira agogo, ndi manja awiri monga mwa ulemu. Pochita izi aphunzira mawu: tsamba, mtanda, koka, pereka, zikomo. Mkulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri aluke yekha, ndipo iye ndiye adzaphunzitsa mng'ono wake chaka cha mawa.

Masiku otsatawo ntchito siisowa. Dongo la mvula likadali lofewa: aumbe kabulu monga aumbira ng'ombe zadongo, ndipo pa Loweruka aumbe kaphanga ndi kuika mwala pakhomo pake, m'mawa wa Pasaka kamwanako kakankhe mwalawo ndi dzanja lake, kaone kuti m'katimo mulibe kanthu. Mapesi ndi zitsononkho zikhale anthu, ndevu za chimanga zikhale tsitsi lawo. Kumeneku ndi kusewera kwa masanje komwe kuja, kumene ana a m'midzi akhala akuchita m'minda pa masika kuyambira kale. Wamkulu asachoke pafupi, pakuti mwana wotere aika chilichonse m'kamwa. Ndipo akatopa alekeni, ntchito ya kamphindi imukwanira.

Pomaliza kamtandako kapachikidwe pa khoma, pamene mwana akaona. Kwa Akatolika ndi Aangilikani kanjedza wouma wa chaka chatha ndiye atenthedwa kukhala phulusa la Lachitatu la Phulusa. Kotero mwana amene anakoka nsonga ija adzaona chaka chikuzungulira pa chinthu chimene iye mwini anachigwira.

Akulu anati m'mera m'poyamba. Mwana wa zaka ziwiri sasunga ulaliki, koma asunga chimene chinadutsa m'manja mwake. M'matauni athu madambo ali kudzala nyumba, akanjedza ali kuchepa, ndi odziwa kuluka ali kukalamba. Mbadwo umodzi ukangodumphidwa, dzina lidzatsala pa chikwangwani cha minibasi pokha. Tipempha akulu a mipingo kuti abzale kanjedza m'mabwalo a matchalitchi, ndi amayi a Mvano ndi a mabungwe ena kuti apatule tsiku limodzi m'Lenti la kuphunzitsa atsikana ndi anyamata kuluka. Tipemphanso owerenga athu Ayao, Alomwe, Asena ndi Atumbuka kuti alembere Mkonzi dzina la mtengowu m'chinenero chawo, ndi malukidwe a kwawo, kuti tidzazisindikize m'masamba ano.