Nyimbo Zobadwira mu Ukapolo

M'chaka cha 1875, pamene sitima ya Ilala inkadutsa kwa Mponda pa ulendo wokatsegula mishoni ku Cape Maclear, akapolo anali akutengedwabe kuchokera m'dera limeneli kupita ku Kilwa. Kutsidya kwa nyanja yamchere, ku America, ukapolo unali utatha m'chaka cha 1865, ndipo ana a akapolo anali pa nkhondo ina, yofuna ulemu.

Masiku amenewo azungu ena ankadzipaka zakuda kumaso ndi kuchita zisudzo zonyoza anthu akuda, owonerera n'kumafa nazo nseko. M'chaka cha 1871 sukulu ya Fisk, mu mzinda wa Nashville, inatsala pang'ono kutsekedwa chifukwa chosowa ndalama. Msungichuma wake, George White, ananyamuka ndi ophunzira asanu ndi anayi kukaimba m'mizinda. Poyamba ophunzirawo sanafune kuimba pagulu nyimbo zauzimu za makolo awo, pakuti zinali zopatulika ndiponso zokumbutsa mazunzo. Koma ataziimba modzilemekeza, anthu amene anazolowera kuseka munthu wakuda anakhala chete, ena nagwetsa misozi. Mu 1873 anaimbira Mfumukazi Victoria, ndipo ndalama zimene anapeza zinamanga nyumba ya Jubilee Hall.

Pambuyo pake mkangano unabuka mu mpingo momwe. Thomas Dorsey, amene kale ankaimba m'malo achisangalalo, analowetsa kaimbidwe ka blues m'nyimbo za Mulungu. Abusa ena anazikana, nati n'zachikunja. Mahalia Jackson anaziimba mpaka dziko lonse linazimva, koma anakana kukaimba m'nyumba zomwera mowa ngakhale anamulonjeza ndalama zambiri. Kwa iye kusangalatsa anthu sikunali tchimo. Choopsa chinali kugulitsa chikhulupiriro.

Njira yomweyo inaonekanso mu Dayosizi ya Mangochi. M'chaka cha 1978 ku parishi ya Balaka kunabadwa Alleluya Band, mmene Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius anakuliramo. Anyamatawo anatenga magitala, amene ambiri ankawayesa zida za kumowa, nawaimbitsa nyimbo zophunzitsa chikondi, chilungamo ndi kuopa Mulungu.

Makwaya a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Malindi mpaka ku Monkey Bay, ali ndi funso limene oimba a ku Fisk anakumana nalo: m'manja mukatha kuwombedwa, womvera apita kwawo ndi chiyani mumtima?