Nyumba za Boma pa Mapositikhadi ndi Mbiri ya Machona a ku Mashonaland

Mwa nyumba za mu Salisbury, mzinda umene unatchedwa Harare mu 1982, imodzi yooneka pa mapositikhadi akale ndi Nyumba ya Malamulo. Inamangidwa mu 1895 kuti ikhale hotela ya Cecil, koma kuyambira mu 1899 aphungu a atsamunda anayamba kukumanamo. Wosonkhanitsa makhadi amayamikira khonde ndi zipilala zake. Ife ophunzira zilankhulo tiyenera kufunsa kuti: kodi zimene zinkagamulidwa m'nyumbamo zinawakhudza bwanji anthu olankhula Chinyanja?

Aphungu ameneŵa ndiwo anakhazikitsa lamulo la Masters and Servants mu 1901, limene linachititsa kuti kuthaŵa ntchito ukhale mlandu, ndiponso la Land Apportionment mu 1930, limene linapatsa Azungu nthaka yachonde. Mafamu a fodya ndi chimanga a ku Mazowe, Bindura, Marondera ndi Chinhoyi ankasoŵa antchito, choncho anadalira kwambiri amuna ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Mu 1936 maboma a Nyasaland ndi Rhodesia ziŵirizo anachita pangano mu Salisbury lokhudza kayendedwe ka antchitowo.

Zonsezi khadi silitchula, koma chilankhulo chinazisunga. Ntchito yolembetsa mokakamiza ankaitcha "chibalo". Chiphaso chimene mwamuna aliyense ankayenda nacho chinali "chitupa". Magalimoto onyamula antchito kwaulere anapatsidwa dzina loti "Ulere", ndipo bungwe lolemba anthu ntchito la mu 1946 linadziŵika kuti "Mthandizi", ngakhale kuti thandizo lenileni linkapita kwa eni mafamu. Amene sanabwererenso kwawo anasanduka "machona".

Zidzukulu za machonawo n'zimene zinavutika pamene mafamu analandidwa kuyambira mu 2000. Ambiri anataya ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti ena aoneke ngati alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anafeŵetsa zinthu.

Aphungu anasamukira ku nyumba yatsopano ku Mount Hampden mu 2023. Khadi la nyumba yakaleyo lidzakhalitsa m'mabokosi a osonkhanitsa, koma okalamba odziŵa matanthauzo a mau aja akutha. Tiyeni tipite nalo khadilo kumakomboni, tikaonetse agogo, ndi kulemba zimene adzanene.