Domeni: dzina la lendi

Munthu wa ku Chunga, ku Zambia, akamati "ndagula domeni", amalankhula ngati wagula poloti. Apa mpamene ambiri amapusitsika. Domeni ndi dzina limene bizinesi imadziwika nalo pa intaneti, lija limalembedwa pachikwangwani kunsi kwa nambala ya foni, lomwenso limakhala kumapeto kwa adiresi ya imelo. La ku Zambia limathera ndi .zm, ndipo amalonda ambiri amatenga .co.zm, pomwe la ku Malawi limathera ndi .mw.

Dzinali saligula kuti likhale lako mpaka muyaya ayi. Ndi la lendi: nthawi ikakwana umalipira, ukaleka likhoza kupita kwa wina. Poyamba woyang'anira kaundula wa madomeni a .zm anali kampani ya ZAMNET, yomwe inabadwira ku University of Zambia mu 1994. Kuyambira 2014 kaundulayu ali m'manja mwa bungwe la ZICTA.

Tsono "kugulitsa domeni" kwenikweni n'kusintha dzina la mwini m'kaundulamo. Taganizani za woumba mabuloko ku Chunga amene wagulitsa bizinesi yake kwa munthu wa ku Woodlands. Makina anyamulidwa, makiyi aperekedwa, ndalama zawerengedwa. Koma m'kaundula mukadali dzina la mphwake wa wogulitsayo, mnyamata amene anawathandiza amalume ake kulembetsa. Chiwongolero cha maimelo onse a makasitomala chikadali kwa iyeyo! Kupatsana pasiwedi sikokwanira. Wolembedwa m'kaundulayo ndiye ayenera kuvomera kuti dzina lisamuke.

Musanapereke ngakhale ngwee imodzi, funsani kaye kuti m'kaundula mwalembedwa yani.