Henry Tayali ndi Nkhunzi Yachitsulo

Mukaima m'mbali mwa msewu waukulu pa Kafue m'mawa, simuchedwa kuona malole atasenza zitsulo zakutha: zitseko za minibasi, migolo yobooka, masipuling'i a mabedi, mawilo a njinga. Zambiri mwa izo zimakathera ku fakitale ya Universal Mining and Chemical Industries, imene tonse timangoti Kafue Steel, komwe amazisungunula m'ng'anjo ya magetsi n'kutulutsa zitsulo zazitali zomangira nyumba. Ife a ku Kafue Estates chitsulo timachidziwira pa sikelo, kilo imodzi ndalama zakuti. Komatu m'dziko lomwe lino munali munthu amene ankati akagwira zitsulo, ankaziwotcherera mpaka zisanduke ng'ombe yoima pamsewu. Dzina lake linali Henry Tayali. Mbiri yake tiiyambire kutali, poti chitsulo sanayambe nacho.

Anabadwira ku Serenje pa 22 Novembala 1943, dziko lino likadali Northern Rhodesia. Bambo ake anatsata njira imene amuna ambiri a kuno ndi a ku Nyasaland ankatsata masiku amenewo, yolowera kumwera kukafuna ntchito, ndipo banja linakakhazikika ku Bulawayo. Henry anakulira kumeneko, mumzinda wa njanji ndi mafakitale, momwe munthu wakuda ankafunika ngati manja ogwira ntchito basi. Mwana wojambula zithunzi analibe malo. Mwayi wake unali woti mkulu wina wa ku khonsolo ya mzindawo, Alex Lambeth, anaona zimene mnyamatayu ankajambula ndipo anamulimbikitsa. Asanakwanitse zaka makumi awiri, Henry anali ataonetsa kale zithunzi zake pagulu.

Chithunzi chake chodziwika kwambiri ndi chotchedwa Destiny. M'chithunzimo muli khwimbi la anthu, othinana ngati nyerere pachulu, onse ali pakalikiliki kumanga mzinda wamakono. Ine ndikachiyang'ana ndimaona kuti maso a munthuyu anali kale pa anthu onyamula katundu wolemera, ngakhale m'manja mwake munali mukadali burashi.

Zambia italandira ufulu mu 1964, ndipo nduna yaikulu Ian Smith atatseka chitseko ku Rhodesia, komwe kunali Bulawayo, chaka chotsatira, Tayali anabwerera kwawo. Mu 1967 boma linamulipirira maphunziro ku Makerere, ku Uganda, yunivesite imene inali ndi sukulu ya zaluso yotchuka m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa. Anamaliza mu 1971, chaka chomwe Idi Amin analanda boma. Zaka zomwezo ndi zimene kuno kwathu kunali fumbi lokhalokha. Boma la a Kenneth Kaunda, kudzera mu kampani yake ya INDECO, linkafuna kuti Kafue akhale tauni ya mafakitale. Kafue Textiles inayamba kuluka nsalu, Nitrogen Chemicals inatsegulidwa mu 1970 kuti izipanga feteleza, ndipo nyumba za Estates zinamangidwira ogwira ntchito, potsata mapulani a kampani ya ku Greece ya Constantinos Doxiadis. Dziko laling'onolo linkafuna zonse nthawi imodzi, mafakitale ake, madokotala ake, ngakhale amisiri ake a zaluso.

Atagwirako ntchito pang'ono ku Institute of African Studies ya Yunivesite ya Zambia, mu 1972 anapeza thandizo lina la maphunziro n'kupita ku sukulu ya zaluso ya Kunstakademie ya ku Düsseldorf, ku Germany. Anafika sukuluyo ikuwira, chifukwa chaka chomwecho boma linachotsa ntchito mphunzitsi wake wotchuka Joseph Beuys pa mlandu wolandira ophunzira amene sukulu inawakana. Ku Ulaya kumeneko ziboliboli zowotcherera zinali zitazika kale mizu. Amene anatsegula njira ndi Julio González wa ku Spain, yemwe luso lowotcherera analiphunzirira mu fakitale ya Renault mu 1918, ndipo zaka khumi pambuyo pake anayamba kuthandiza Picasso kupanga ziboliboli zachitsulo.

Apa ndiime kaye, chifukwa mawu akuti "wosema" amatisocheretsa. Wosema mtengo kapena mwala amachotsa. Amagoba, amapala, mpaka chimene akufuna chitatsala. Wowotcherera amawonjezera. Amadula kachitsulo, amakapinda, amakalumikiza ku kanzake, ndipo pakati pa zitsulozo pamatsala mipata yoti mphepo ndi kuwala zidutse. Nthiti za ng'ombe zikhoza kukhala zitsulo zisanu zokha, diso la woyang'ana n'kudzaziramo mnofu. Ntchitoyi ilibe ulemu wa pa maso. Ndi ya utsi, kutentha, mabala a moto m'mikono, ndi maso oyabwa usiku ngati unayang'ana kuwala kuja wopanda galasi lakuda. Makolo athu osula makasu ndi nkhwangwa pa mvukuto akanaizindikira msanga kuposa mmene akanazindikirira burashi.

Tayali anabwerera ku Lusaka mu 1975, ndipo chaka chotsatira yunivesite inamupatsa udindo wa University Artist. Chiboliboli chake chimene pafupifupi aliyense wophunzira pa yunivesiteyo ku Great East Road anajambulitsapo ndi The Graduate, chimene a Kaunda anachivundukula mu 1979. Ndi munthu wovala mkanjo ndi chipewa cha omaliza maphunziro, wopanda nkhope, wanyamula buku ndi khasu. Khasulo ndi ndale za nthawi imeneyo, pamene boma linkauza ophunzira kuti asaiwale kumunda. Kunena zoona, ophunzira ambiri ankawerenga buku n'cholinga chothawa khasu lomwelo, komabe pa tsiku lolandira madigiri amapita kukaima pambali pake, amayi ndi azakhali ochokera kumudzi akululutira.

Panalinso nkhunzi ija, The Bull, yowotcherera ndi zitsulo, imene inaikidwa m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege la Lusaka. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani ya Tayali. Chithunzi chimagulidwa ndi munthu mmodzi, n'kukapachikidwa m'chipinda chochezera momwe wogulitsa tomato sadzalowamo. Chitsulo choima pamsewu chimaonedwa ndi kondakitala, ndi mwana wa sukulu, ndi mlendo wotsika ndege, onse ulere. Ndiponso ng'ombe sifuna womasulira m'dziko limene Atonga, Aila, Alozi ndi Angoni amayezera chuma m'khola.

Ankalimbikiranso kuti luso likhale ndi nyumba yake. Mu 1986 iye, Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz anayambitsa Lechwe Trust, bungwe limene limagula ndi kusunga ntchito za amisiri a m'Zambia kuti zisamangothera kunja, ndipo Destiny lero ili m'manja mwa bungwe limeneli. Sanaone zipatso zake. Anamwalira pa 22 Julaye 1987 ku Aachen, ku Germany, ali ndi zaka 43 zokha. Malo oonetserako zaluso a Visual Arts Council ku Showgrounds ku Lusaka anawatcha dzina lake.

Amene anabwera pambuyo pake anatengera chitsulo kumalo owawa. Kunja kwa Lusaka National Museum kunaimikidwa chimunthu chachitali chopangidwa ndi mabedi akale a kumalo osamalirako odwala, mabedi amene anthu ambiri anatsirizikirapo ndi Edzi, pokumbukira Winstone Zulu, amene anaulula poyera mu 1990 kuti ali ndi kachilombo. Ku Mozambique, nkhondo itatha mu 1992, Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo zinadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo monga Gonçalo Mabunda anaziwotcherera kukhala mipando yachifumu imene yafika mpaka ku Venice.

Kuno ku Estates, Kafue Textiles itagwa ndipo Nitrogen itayamba kutsimphina, amuna ena amene anaphunzira zitsulo m'mafakitalemo anatulutsa makina awo pabwalo. Iwo ndi ana awo ndi amene amatiwotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi matanki a madzi. Tizidutswa totsala amatisesa madzulo n'kutithira m'thumba la simenti. Thumbalo likadzadza, mnyamata amalikweza pa wilibala, ulendo ku sikelo.