Mbiri ya Ntchito Yosaka Malinki Akufa pa Intaneti

Pamene Tim Berners-Lee ankakonza World Wide Web ku CERN, pafupi ndi Geneva, kuyambira mu 1989, anasankha kuti linki, imene ndi mawu kapena chithunzi chimene munthu amadina kuti afike pa tsamba lina, iziloza mbali imodzi yokha. Tsamba lolozedwalo silidziwa amene akuliloza, choncho mwini wake akalisamutsa kapena kulichotsa, palibe uthenga umene umafika kwa onse amene analitchula. Ted Nelson, amene ankakonza dongosolo lake lotchedwa Xanadu kuyambira m'ma 1960, ankafuna malinki odziwana mbali zonse ziwiri, koma njira ya Berners-Lee ndiyo inafalikira chifukwa aliyense ankatha kuloza tsamba la mnzake popanda kupempha chilolezo, ndipo ufulu umenewu ndiwo unabala ntchito yosaka malinki akufa.

Osamalira masamba ankadalira manambala amene seva, kompyuta yosunga masamba, imayankha nawo ikafunsidwa. Nambala 404 imatanthauza kuti tsamba silinapezeke, 410 kuti linachotsedweratu, pamene 301 imanena kuti linasamukira kwina ndipo imaperekanso adiresi yatsopano. Mapulogalamu monga Xenu's Link Sleuth ankayenda tsamba ndi tsamba kugogoda pa linki iliyonse n'kulemba mndandanda wa zosayankha, koma kupeza linki yakufa sikunkabwezeretsa zimene zinatayika.

Mpata umenewu unatsekedwako ndi bungwe la Internet Archive, limene Brewster Kahle anayambitsa ku San Francisco mu 1996 kuti lizisunga makope a masamba, ndipo mu 2001 linatsegulira anthu onse Wayback Machine, momwe munthu amalemba adiresi yakale n'kuona tsambalo monga linalili pa tsiku limene linakopedwa. Kufunika kwa ntchitoyi kunaoneka poyera mu 2009, Yahoo itatseka GeoCities, kumene anthu wamba ambirimbiri anali ndi masamba awo.

Vuto lobisika kwambiri, lomwenso ndi lodetsa nkhawa, ndi la linki imene imatseguka bwinobwino koma zolembedwa zake zinasinthidwa, pakuti pulogalamu yongowerenga manambala imaiona ngati yamoyo. Jonathan Zittrain, Kendra Albert ndi Lawrence Lessig a ku Harvard anapeza mu 2013 kuti pafupifupi theka la malinki a m'zigamulo za Khothi Lalikulu Kwambiri la ku United States sankafikitsanso owerenga pa zimene oweruza anatchula. Zimenezi si zazing'ono, chifukwa chigamulo chimaima pa umboni umene wina aliyense ayenera kutha kuufufuza. Chaka chomwecho laibulale ya zamalamulo ya ku Harvard inayambitsa Perma.cc, imene imakopa tsamba pa nthawi yomwe wolemba akulitchula, ndipo mu 2018 Internet Archive inalengeza kuti malinki akufa oposa 9 miliyoni a pa Wikipedia anali atalozedwanso ku makope osungidwa.