Mlandu wa Makina Oloza Anthu ku Netherlands

Mwezi uno tikumbuke mlandu umene unagwa m'dziko la Netherlands, ku Ulaya, pakuti muli phunziro kwa ife tonse okhala pansi pa maboma.

Dziko lija liri ndi lamulo lalikuru loposa malamulo onse, ndipo ndime yace yoyamba, yolembedwa m'caka ca 1983, ilamulira kuti onse okhala m'dzikomo acitiridwe mofanana, osasankha mtundu kapena cipembedzo. Boma lace lithandiza makolo ndi ndalama zolipira osunga ana, pamene iwo ali ku nchito. Tsono poopa onyenga, m'caka ca 2013 akuru a msonkho anaika kompyuta yophunzira yokha pa makalata akale, kuti iwalozere anthu oyenera kuwakayikira. Mwa zizindikiro zimene anaipatsa munali ici: kodi wopemphayo ndiye nzika ya dzikolo, kapena mlendo? Potero kukhala mlendo kunasanduka ngati cizindikiro ca umbala.

Makinawo sanacimwe okha. Lamulo la ndalamazo linali louma, ndipo akalaliki anakhulupirira coloza ca makina koposa mau a munthu. Kholo lolakwa pang'ono polemba kalata linauzidwa kubweza ndalama zonse za zaka zapitazo. Ena anagulitsa nyumba, ena maukwati ao anatha, ndipo pofunsa cifukwa cace sanayankhidwe. Makolo monga 26,000 ananamiziridwa. Ngakhale oweruza akuru anabvomereza kuuma kumeneku zaka zambiri, napepesa m'caka ca 2021.

Koma akuluakulu anati, mlandu suola. Olemba nyuzipepala ndi aphungu owerengeka anaukumba osatopa. Mu December 2020 aphungu ofufuza anaturutsa kalata yonena kuti maziko a cilungamo anapasulidwa. Ndipo pa 15 January 2021 nduna yaikuru Mark Rutte ndi nduna zinzace zonse anatula pansi udindo. Boma linalonjeza banja liri lonse lolakwiridwa ndalama zosacepera mayuro 30,000, ngakhale ndalama sizibweza zaka za misozi.

Nanga ife titengepo ciani? Tidziwa mwambo wa pabwalo pathu: mfumu sigamula isanamve mbali zonse ziwiri, ndipo ikagamula inena cifukwa cace pamaso pa anthu, kuti wosakhutira akadandaule kwina. Ulamuliro wa anthu osankha atsogoleri ao uima pa mizati yomweyi. Makina awerenga msanga koposa mlembi ali yense, ndipo sitiwanyoza. Koma sacita manyazi, sangaitanidwe pabwalo, sangacotsedwe pa cisankho.

Cifukwa cace, boma liri lonse likafuna kuika makina otere pa nchito zace, tiyenera kufunsa mwaulemu ndi mosaopa: Anawaphunzitsa ndani, ndipo anawauza ciani? Akalakwa, adzayankha ndani? Ndipo wosauka wolozedwayo adzanena kwa yani mau ace?